Kabotolo ka tsabola pa chiwaya si capsaicin

Mukamadutsa pamsika wa Mbayani madzulo, anyamata a tchipisi atayatsa moto pansi pa chiwaya, tayang'anani pafupi ndi mchere ndi kabichi. Simulephera kuona kabotolo ka mafuta ofiirira, pansi pake patakhazikika tsabola wosinja. Mukathira kadontho kamodzi mumayamba kupemerera mkamwa ndi dzanja. Mawa lake mukagula pa chiwaya china, kabotolo kooneka chimodzimodzi, mupeza kuti mwathira supuni yonse koma palibe chikuchitika. Kabotolo kameneka ndi kamene kanandipulumutsa teremu yachiwiri, pamene mnyamata wina wa Fomu 3 anandibweretsera pulojekiti imene ndinayenera kuikana popanda kumugwetsa ulesi.

Agogo ake amalima ku Lunzu, ndipo chimanga chawo chinagwidwa ndi mbozi za fall armyworm, zija zinalowa m'dziko muno cha m'ma 2016 ndi 2017 n'kukhazikika ngati kwawo. Ndalama ya mankhwala a kusitolo panalibe. Mnyamatayu anamva kuti alimi ena amapopera tsabola, ndiye anagula tsabola wouma pamsika, n'kusinja mu mtondo, kunyika m'madzi usiku wonse, kusefa ndi kansalu, kuthiramo sopo pang'ono, n'kukathira pamitima ya chimanga. Patapita masiku anapeza mbozi zina zitafa. Anabwera akumwetulira, kope m'manja, pamwamba atalemba mutu wonena kuti capsaicin amapha mbozi za chimanga.

"Aphunzitsi, ndapeza umboni," anatero.

Ndinamufunsa funso limodzi: "Capsaicin wakoyo unamuona?"

Anandionetsa chithunzi cha madzi ofiira mu chidebe. Ndinamuuza kuti capsaicin si wofiira. Anandiyang'ana ngati ndamunamiza.

Tiyambe ndi zimene mumazidziwa kale kuchokera ku Chemistry ya Fomu 1, zija za pure substance ndi mixture zimene ambiri mumangoloweza kuti mukhoze mayeso. Capsaicin ndi chinthu chimodzi, molekyulu imodzi yokhala ndi fomula yake, C18H27NO3. Akamuyeretsa kotheratu amaoneka ngati timiyala toyera ta mchere kapena phula, alibe mtundu wofiira ndipo alibe fungo. Amasungunuka pa kutentha kwa madigiri 62 mpaka 65, kaya muli ku Limbe kaya ku Tokyo. Gramu imodzi ya capsaicin woyera ndi yofanana ndi gramu ina iliyonse.

Zimene zili mu kabotolo ka pa chiwaya, ngakhalenso mu chidebe cha mnyamata wanga, ndi msakanizo. Muli capsaicin inde, koma ali ndi abale ake, gulu lonse limatchedwa capsaicinoids. Wamkulu pa abalewa ndi dihydrocapsaicin, amene amawawa pafupifupi chimodzimodzi, ndipo awiriwa ndi amene amatenga gawo lalikulu, cha m'ma 90 peresenti, la gulu lonseli. Ena monga nordihydrocapsaicin amawawa mocheperako. Kufiira kuja n'kwa zinthu zina kotheratu, ma carotenoid, makamaka capsanthin, a m'banja limodzi ndi amene amapatsa karoti mtundu wake. Mulinso mafuta a tsabola weniweniyo, phula la pakhungu lake, shuga, ndi timamolekyulu touluka timene mphuno imamva. Tsabola wamuwisi ali ndi vitamini C wambiri, moti Albert Szent-Györgyi, amene analandira mphoto ya Nobel mu 1937, ankatenga vitaminiyu wochuluka kuchokera ku paprika wa ku Szeged ku Hungary.

Taganizirani za kambuzi. Munthu amene anakula akudya nsima ndi kambuzi amamuzindikira ndi mphuno asanamulawe n'komwe. Fungo lija, limene limapangitsa kuti ngakhale nyemba zopanda tomato zilowe, si capsaicin. Mutachotsa zonse mu kambuzi n'kusiya capsaicin yekha, mungatsale ndi ululu wopanda kukoma, ndipo simungathe kusiyanitsa ngati wachokera ku kambuzi kapena ku tsabola waung'ono wa piripiri. A Nali, amene akhala akupanga sosi wa tsabola kuno kuyambira m'ma 1970, amagulitsa msakanizo, ndipo anthu amagula chifukwa cha msakanizowo.

Kodi ndi wochuluka bwanji?

Apa ndi pamene ine wa Physics ndimasangalala, chifukwa nkhani yafika pa kuyeza. Mu 1912, katswiri wa zamankhwala wa ku America dzina lake Wilbur Scoville, akugwira ntchito ku kampani ya Parke-Davis, anapanga njira yoyezera kuwawa kwa tsabola. Ankanyika tsabola wouma mu alcohol, kenako n'kumasungunula madziwo ndi madzi a shuga, pang'onopang'ono, akulawitsa gulu la anthu mpaka atasiya kumva kuwawa. Ngati panafunika kusungunula maulendo 50,000, tsabolayo ali ndi mayunitsi 50,000 a Scoville. Green pepper wa mu saladi ali ndi 0. Tsabola waung'ono wa bird's eye, amene alimi a kuno amalima n'kugulitsa kunja, amayambira cha pa 50,000 n'kupitirira 100,000. Capsaicin woyera ali ndi 16,000,000.

Nambala imeneyi siilowa m'mutu mpaka mutaisandutsa zigubu. Tengani magalamu 5 a capsaicin woyera, pafupifupi kasupuni ka tiyi. Kuti kuwawa kuthe pafunika madzi ochuluka maulendo 16,000,000, amene ndi malita 80,000. Gawani ndi 20. Zikukwana zigubu 4,000. Amene munaimapo pamzere pa kiosk ya madzi ku Mbayani m'mawa mukudziwa tanthauzo la zigubu 4,000.

Tsopano tembenuzani samuyo. Ngati tsabola wouma ali ndi 100,000, gawani ndi 16,000,000, mupeza 0.00625. Ndiye kuti mu kilogalamu yathunthu ya tsabola wouma wowawa zedi muli magalamu 6 okha ndi pang'ono a ma capsaicinoid. Magalamu otsalawo, opitirira 990, ndi zinthu zina. Ndinamuuza mnyamata uja kuti awerengetse yekha pa kope, ndipo atamaliza anakhala chete kwa kanthawi.

Ndipo magalamu 6 amenewo sakhala paliponse mu tsabola. Ambiri mumati njere ndi zimene zimawawa. Ayi. Tsabola amapanga capsaicin mu kamnofu koyera ka m'kati komwe njere zimamatirako, ndipo njere zimangopakidwa chifukwa chokhala pafupi. Dulani tsabola pakati, chotsani kamnofuko, mumva kusiyana. Kuchuluka kwake kumasinthanso malinga ndi mtundu wa mbewu, nthaka, madzi amene mbewu inalandira, ndi nthawi imene anathyola. Tsabola wochokera ku munda umodzi angathe kusiyana chaka ndi chaka. N'chifukwa chake mabotolo awiri a pa chiwaya aja sakufanana. Palibe amene akukuberani.

Njira ya Scoville inali ndi vuto loti malilime a anthu amasiyana ndipo amatopa. Masiku ano amagwiritsa ntchito makina a HPLC, amene amalekanitsa msakanizo n'kuyeza capsaicinoid aliyense payekha.

Madzi, mafuta ndi sipiriti

Vuto lachiwiri la pulojekiti ija linali madzi. Molekyulu ya capsaicin ili ndi mchira wautali wa carbon ndi hydrogen, wofanana ndi wa mafuta, ndiye sigwirizana ndi madzi. Imasungunukamo pang'ono kwambiri. Mu mafuta ophikira ndi mu alcohol imalowa bwino. Anyamata a chiwaya amene amanyika tsabola wawo mu mafuta anasankha solvent yolondola asanaphunzire mawu oti solvent.

Tinayesa izi mu labu. Tinasinja tsabola wouma, n'kumugawa pa sikelo magawo atatu ofanana. Gawo lina tinathira madzi, lina mafuta ophikira, lina sipiriti wosakhala ndi mtundu. Mawa lake tinasefa. Madzi anali ofiirira mwa matope, muli tizidutswa toyandama. Mafuta anali ofiira bwino, oonekera. Sipiriti tinamuthira pa kasosala n'kumusiya pa windo kuti auluke yekha, ndipo pansi panatsala kanthu kofiira kwambiri, komata ngati uchi wouma. Dzina lake ndi oleoresin, ndipo ndi chimene asayansi amatanthauza akamati crude extract. Nachonso si capsaicin woyera. Ndi msakanizo womwe uja, tangochotsa makoko ndi zina zosasungunuka.

Kuti akhulupirire, tinatenga kadontho ka zofiirazo n'kuika pa kachidutswa ka filter paper, n'kuviika nsonga yake mu solvent, monga mumachitira ndi inki. Zitakwera, kadontho kanatambasuka, mbali ina yofiira, ina yachikasu. Ndinamufunsa kuti andilozere capsaicin. Sakanatha, chifukwa capsaicin alibe mtundu, ali penapake papepalapo koma maso sangamuone.

Chenjezo, ndipo ndikunena motsindika. Sipiriti wa methylated ndi poizoni, musalawe chilichonse chimene chamukhudza, ndipo musamuumitse pa moto chifukwa amayaka. Musachite izi kunyumba popanda aphunzitsi. Valani magolovesi kapena majumbo m'manja. Ine amene ndikuchenjezane ndinavula magolovesi kuti nditsuke kasosala kaja, kenako n'kudzikanda m'mphepete mwa diso. Ana a Fomu 3 anaona aphunzitsi awo akulira pa sinki kwa mphindi zingapo, ndipo sanaiwale mpaka lero. Diso mumatsuka ndi madzi ambiri oyera, palibe njira ina. Koma m'manja, madzi okha sanathandize. Ndinayamba ndadzola mafuta ophikira, kenako sopo, ndiye kunaphwa. Ndi chifukwa chomwechi madzi sathandiza kwenikweni mkamwa mukayaka, amangomwaza capsaicin paliponse, pamene mkaka kapena chambiko zimamutenga n'kupita naye.

Choncho madzi a mnyamata uja anali ndi capsaicin ndithu, makamaka mu tizidutswa toyandama ndi amene sopo anathandiza kumwaza, koma wochuluka bwanji sitikanadziwa. Ndipo munalinso sopo, amene payekha amadziwika kuti amavulaza tizilombo ta khungu lofewa.

Themometa sinama

Azungu amati tsabola ndi "hot". Ife timati amawawa, ndipo pa izi Chichewa chili pafupi ndi sayansi kuposa Chingerezi. Ikani themometa mu tsabola wosinja ndi ina mu tomato wosinja, zonse zitakhala m'chipinda chimodzi. Ziwerenga chimodzimodzi. Mu Physics, heat ndi mphamvu imene ikuchoka pa chinthu chotentha kupita pa chozizira. Tsabola sapereka mphamvu yotere ku lilime lanu.

Chimene chimachitika n'chakuti m'mitsempha ya ululu, pa lilime, pakhungu ndi m'maso, muli kachitseko kotchedwa TRPV1. Kamatseguka kutentha kukapitirira madigiri 43, n'kutumiza uthenga ku ubongo woti mukupsa. Capsaicin amakwanira pa kachitsekoka ngati kiyi, n'kukatsegula popanda moto. Ubongo sudziwa kusiyanitsa, ndiye umayamba kutulutsa thukuta ndi misozi. Amene anapeza kachitsekoka ndi David Julius ndi anzake ku University of California, San Francisco mu 1997, ndipo mu 2021 analandira mphoto ya Nobel pamodzi ndi Ardem Patapoutian.

Tamvetsani apa. Julius sanagwiritse ntchito madzi a tsabola wosinja. Anagwiritsa ntchito capsaicin woyera, pa mlingo wodziwika, akuthira pa maselo kuti aone amene ayankhe. Akanathira msakanizo, selo likanayankha iye osadziwa kuti layankha chiyani. Ndipo capsaicin woyerayo sanagwe kumwamba. Christian Friedrich Bucholz anachotsa chinthu chowawa mu tsabola mu 1816, koma chinali chisanayere. John Clough Thresh anachipatsa dzina loti capsaicin mu 1876. Karl Micko anamupeza woyera mu 1898, patadutsa zaka 82 chiyambire Bucholz. E. K. Nelson anafotokoza kapangidwe ka molekyuluyi mu 1919, ndipo mu 1930 Ernst Späth ndi Stephen Darling anaipanga mu labu popanda tsabola. Zaka zoposa 100 kuchoka pa chinthu chofanana ndi cha pa kasosala kathu kufika pamenepo. Ndinamuuza mnyamata uja kuti iye ali pomwe anali Bucholz, ndipo si malo ochititsa manyazi.

Nkhani ya TRPV1 ikutsegula funso lina limene iye sanaliganizire. Kachitseko kameneka sikafanana mu zamoyo zonse. Mbalame zili nako, koma kawo sikamva capsaicin, n'chifukwa chake zimadya tsabola wakupsa osadandaula n'kukamwaza njere kutali. Nkhuku za kwanu zimajompha tsabola ngati chimanga. Tili pomwepa, kuthira tsabola m'madzi a nkhuku sikuletsa chitopa. Chitopa ndi kavairasi, ndipo chimene chimateteza ndi katemera. Njovu, monga ife, zimamva kuwawa, ndipo alimi ena a m'mphepete mwa nkhalango monga ku chigwa cha Luangwa ku Zambia amapaka tsabola wosakaniza ndi oyilo pa zingwe za mpanda, kapena kuotcha njerwa za ndowe zosakaniza ndi tsabola, kuti njovu zisalowe m'munda. Nanga mbozi? Tizilombo tilibe TRPV1 wonga wathu, ndipo alimi a tsabola akuuzani kuti pali mbozi zina zimene zimaboola tsabola weniweniyo n'kumadya m'kati. Izi sizikutanthauza kuti tsabola sachita kanthu pa tizilombo. Zikungotanthauza kuti simungaganize kuti poti inu mwalira, mbozi nayonso yalira.

Pamene kusiyanaku kumakhudza thupi la munthu

Wina afunsa kuti, aphunzitsi, ngati zikugwira ntchito, dzina lili ndi ntchito yanji? Ili nayo. Mumawerenga pa Facebook ndi pa WhatsApp kuti asayansi apeza kuti tsabola amachiza chakutichakuti. Mukafufuza, nthawi zambiri mupeza kuti anayesa capsaicin woyera pa maselo a mu kagalasi kapena pa makoswe, pa mlingo umene simungaufike ndi nsima. Kapena zimakhala zotembenuza: anayesa crude extract, koma wofalitsa uthenga walemba kuti capsaicin. Zolakwika ziwirizi ndi chimodzi. Asayansi osamala amayesa ziwirizi mbali ndi mbali, extract uku, compound woyera uku, pa mlingo wofanana wa capsaicin. Zotsatira zikasiyana, amadziwa kuti mu extract muli chinanso chimene chikugwira ntchito, kaya kuthandiza kaya kutchinga.

Ku chipatala mlingo ndi nkhani yaikulu. Kuli mankhwala odzola a ululu wa m'mfundo okhala ndi capsaicin wa 0.025 mpaka 0.075 peresenti. Kulinso kachigamba komata pakhungu kokhala ndi 8 peresenti, ka ululu wa mitsempha umene umatsala munthu akachira mashingozi, ndipo amamata ndi achipatala okha atavala magolovesi. Zimagwira ntchito chifukwa TRPV1 akatsegulidwa mopitirira, mitsempha ya ululu pamalopo imafooka kwa kanthawi. Koma wopanga mankhwalawa amadziwa ndendende mlingo umene waikamo. Inu mukasinja tsabola n'kupaka agogo pa bondo, kapena choipa kwambiri pa zilonda za mashingozi, simukudziwa ngati mwapaka wa chiwaya choyamba chija kapena wachiwiri. Musatero.

Sikuti woyera ndiye wabwino nthawi zonse. Pepper spray amene apolisi a m'maiko ambiri amanyamula nthawi zambiri amapangidwa ndi oleoresin, ndiye chifukwa chake pa chitini amalemba OC. Mlimi wa ku Luangwa safuna capsaicin wa mu labu, sangamukwanitse kugula ndipo alibe naye ntchito. Agogo a ku Lunzu nawonso akufuna chimanga, osati fomula. Crude extract ndi wotsika mtengo ndipo aliyense angathe kupanga. Mtengo wake weniweni ndi woti lero akhoza kugwira ntchito, mawa osagwira, inu osadziwa chimene chasintha.

Ndipo apa ndi pamene panali ngozi yeniyeni ya pulojekiti ija. Mnyamatayu anali atauza kale agogo ake ndi anansi awo kuti wapeza mankhwala. Anthu akanasiya kuyendera minda yawo, kusiya kuphwanya mazira ndi kutola mbozi ndi manja, akudalira chidebe chimene mphamvu yake palibe anaiyeza.

Tinakhala pansi n'kukonzanso. Anabzala chimanga m'matumba a pulasitiki kuseri kwa labu, n'kuchigawa magulu anayi. Gulu loyamba limathiridwa madzi okha, lachiwiri madzi a sopo opanda tsabola, lachitatu madzi a tsabola opanda sopo, lachinayi tsabola ndi sopo monga anachitira ku Lunzu. Tsabola amamuyeza pa sikelo, madzi pa measuring cylinder, ndipo anagula tsabola wokwanira wa pulojekiti yonse kwa mayi mmodzi pamsika wa Mbayani, n'kumusinja pamodzi kuti asasinthe pakati. Mbozi amaziwerenga asanathire komanso atathira, ndipo amasiyanitsa zakufa ndi zongothawa, chinthu chimene poyamba sanachite.

Tinakangana pa mutu. Iye ankafuna kuti mawu oti capsaicin akhalebe, akuti amamveka a sayansi ndipo oweruza amakonda zotere. Ndinamuuza kuti akawasiya, woweruza woyamba amene amadziwa Chemistry adzamufunsa funso langa lija, ndipo adzayankha ndi chithunzi cha chidebe. Anafufuta. Mutu watsopano ukunena za madzi a tsabola wouma wosinja, magalamu akutiakuti pa lita, ndi sopo komanso popanda sopo, pa mbozi za chimanga. Ndi wautali ndipo sukoma m'kamwa. M'munsi mwa tsamba lomaliza, pa gawo la zimene angachite mtsogolo, analemba yekha kuti akadzapeza capsaicin woyera adzawonjezera gulu lachisanu. Anandifunsa ngati amagulitsa ku pharmacy ya ku Limbe. Ndinamuuza kuti ayambe wawerenga mbozi za sabata ino.